Pampu ya kathanki ka makorali, musangothamangira nambala ya pa bokosi

Anthu ambiri akamayamba kusunga makorali mu kathanki kakang'ono ka madzi a mchere, maganizo onse amakhala pa nyali ndi nsomba, za pampu amaziganizira kumapeto, kungotola iliyonse bola ikutulutsa madzi. Nde pakadutsa miyezi iwiri itatu mumangoona makorali akukana kutseguka, pamchenga payamba kuyala zinthu zofiira zoterera, kuseri kwa miyala kwadzadza nyansi, munthu nkuyamba kusintha nyali, kusintha mtundu wa mchere, kugula timabotolo ta mankhwala, chonsecho vuto lili pa mmene madzi akuyendera basi. Ine zimandipweteka ndikaona zimenezi chifukwa korali ndi chamoyo, ndi kanyama, ndipo akamafa amafa pang'onopang'ono inu mukuyang'ana osadziwa kuti mumuthandize bwanji.

Korali sayenda. Pomwe mwamumata pa mwalapo ndi pomwepo, sangasamuke kukasaka chakudya, sangathawe zonyansa zake. Kunyanja ya mchere ntchito yonseyi amamugwirira ndi mafunde, amamubweretsera tizakudya ndi okosijeni, amamuchotsera zonanda zangati mamina zomwe thupi lake limatulutsa komanso tizinyalala tomwe tamugwera. Palinso kanthu kena komwe maso saona, pa khungu la korali pamakhala kamuyalo kopyapyala ka madzi omwe sayenda kwenikweni, ndipo chilichonse cholowa kapena chotuluka mthupi mwake chimayenera kudutsa pamenepo. Madzi akamayenda mofooka kamuyaloka kamakhuthala, korali amavutika kupuma. Masana tindere tating'onoting'ono tokhala mkati mwa thupi lake, tomwe amati zooxanthellae, timakhala tikupanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala nkumatulutsa okosijeni wochuluka yemwe akuyenera kuchoka, usiku zimatembenuka, korali ndi amene akufuna okosijeni wa mmadzi. Nchifukwa chake mukawonjezera mphamvu ya nyali koma madzi ali phee, mumangomuwonjezera mavuto.

Chomwe chimasokoneza ambiri nchakuti tikati pampu timakhala tikunena zinthu ziwiri zosiyana ntchito. Pali return pump, iyi imakhala mu sump, kathanki kena ka mu kabati pansi komwe kumakhala zosefera, heater ndi skimmer (kachipangizo kochotsa zonyansa mmadzi ndi thovu), kapena imakhala mu kachipinda kakumbuyo ngati thanki yanu ndi zija za all-in-one, zomwe zosefera zake zimakhala kumbuyo kwa thanki yomweyo. Ntchito yake ndi kubweza madzi omwe asefedwa kuti alowenso mthanki yayikulu. Ndiye pali powerhead, ena amati wavemaker, yomwe imamatidwa pa galasi mkati mwa thanki ndi maginito, iyi siisefa kanthu, siikweza madzi, imangowakankha kuti azizungulira pakati pa miyala ndi makorali.

Zimene ambiri amapanga nkugula return pump imodzi yamphamvu kwambiri kuti igwire ntchito zonse ziwiri. Zimaoneka ngati kusunga ndalama koma mapeto ake si abwino. Overflow, pomwe madzi amasefukira kupita ku zosefera, ili ndi malire a madzi omwe ingathe kumeza, pampu ikaposa malirewo madzi mthanki amakwera, phokoso la kuguguda limayamba, pena mpaka kusefukira pansi. Mu all-in-one kachipinda ka pampu kamaphwa msanga, pampu nkuyamba kukoka mpweya nkumalavula tithovu toyera thanki yonse. Chinanso madzi a return amatulukira pa kakamwa kopapatiza, amabwera ngati muvi, malo amodzi amamenyedwa koopsa pamene kona ina madzi sakusuntha olo pang'ono.

Pa nambala, osunga makorali amawerengera kuti madzi onse a mthanki akuzungulira kangati pa ola. Return pump yokha ambiri amaiyika pa ka 3 mpaka ka 5, ena amafika ka 10. Mukaphatikiza mapampu onse, thanki ya makorali ofewa imayenda bwino pa ka 20 kapena chapompo, ya makorali olimba a timitu ting'onoting'ono ngati Acropora imafuna ka 40, ka 50, pena kuposa. Nde tiyerekeze muli ndi kathanki ka malita 60. Return ya malita 300 pa ola yakwana, ndipo mapampu onse pamodzi afike penapake pakati pa malita 1,200 ndi 2,400 pa ola kutengera zomwe mukusunga. Musaiwale kuti thanki yolembedwa malita 60 simukhala madzi okwana 60, miyala ndi mchenga zatenga malo ake. Mabokosi ena amalemba GPH, magaloni pa ola, ndipo galoni ya ku America ndi pafupifupi malita 3.8, ndiye pampu ya 265 GPH ndi yomweyo ya malita 1,000 pa ola, musaone nambala yaying'ono nkuganiza kuti ndi yofooka.

Koma nambala zimenezi ndi poyambira chabe, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mathanki awiri ofanana kukula, mapampu ofanana, amatha kusiyana kutalitali chifukwa cha mmene mwaunjikira miyala. Wina wamanga khoma la miyala kumbuyo lotseka paliponse, wina wasiya mipata ndi timapanga, madzi sangayende mofanana. Ndipo makorali eni akewo safuna zofanana. Abowa, makorali ooneka ngati bowa monga Discosoma ndi Ricordea, amakonda malo odekha, mukawawomba kwambiri amakwinyika kapena kudzimasula pa mwala nkuyamba kuyandama. Ma zoanthid, makorali ofewa a timitu tambiri tooneka ngati timaluwa, amafuna apakatikati, okwanira kuti zinyalala zisakhazikike pakati pa timitu tawo. Acropora ndi Montipora amafuna madzi amphamvu olowa mpakati pa nthambi. Ovuta kwambiri ndi aja a mnofu wofufuma pamwamba pa chigoba chakuthwa, hammer, torch ndi frogspawn. Amenewa mnofu wawo ukakankhidwa mbali imodzi tsiku lonse umakhuzika pa chigoba chake chomwe nkung'ambika, ndipo pong'ambikapo ndi pomwe matenda amalowera.

Ndinazionera pafupi pa torch wanga wina. Ndinali nditaika powerhead moyang'anizana naye, timanja take tonse tinagonera mbali imodzi ngati udzu pa mphepo yamkuntho, ndipo mbali yoyang'ana pampuyo mnofu unayamba kubwerera mmbuyo, mphepete mwa chigoba choyera mukuonekera. Sindinagule china chilichonse, ndinangokweza pampuyo mmwamba pang'ono nkuilozetsa ku galasi la kutsogolo kuti madzi azikagunda kaye kenako azibwerera atamwazika. Patatha masiku angapo timanja tija tinatalika, tikuvina uku ndi uku mwapang'onopang'ono, timitu take towala tikugwedezeka palokhapalokha. Pampu yomweyo, mphamvu yomweyo, chomwe chinasintha ndi kolowera madzi basi.

Ndiye pogula powerhead funso lisakhale loti ikukankha malita angati okha, funsani kuti ikuwakankha motani. Zakale zija za kakamwa kopapatiza zimatulutsa madzi ngati payipi yothirira. Zamasiku ano zambiri zili ndi timapiko ngati ta fani, zimatulutsa madzi ambiri koma otambalala komanso ofewa, ndipo mu kathanki kakang'ono izi ndiye zofunika chifukwa mtunda ndi waufupi, madzi alibe malo oti amwazike asanafike pa korali. Pali zina zazitali zogona chammbali, ngati Gyre ya Maxspect, zomwe zimayala madzi ngati nsalu mmwamba nkumazungulitsa thanki yonse, koma mu kathanki ka malita 40 zimadya malo. Ine ndimaona kuti mapampu awiri ang'onoang'ono oyang'anizana amaposa imodzi yayikulu, madzi akakumana pakati amasokonezeka nkumapita mbali zosiyanasiyana, zomwe ndi zomwe korali anazolowera kunyanja. Komabe pa thanki yochepera malita 40, powerhead imodzi yaying'ono kuphatikiza return imakwana, pena return yokha ngati mukusunga abowa ndi ma zoanthid basi.

Tibwerere ku return pump chifukwa apa ndi pomwe bokosi limapusitsa anthu ambiri. Nambala yayikulu yolembedwa kutsogolo ija amaiyeza pampu isakukweza madzi olo sentimita imodzi. Mukangoilumikiza ku payipi yokwera kuchokera mu kabati kufika pamwamba pa thanki, madzi otuluka amachepa, ndipo amachepera chepera mukamakwera mpaka pomwe pampu imalephereratu, pamenepo ndi pomwe amati max head. Nde ngati kapampu kalembedwa malita 1,000 pa ola koma max head yake ndi mita imodzi ndi theka, inu nkukakwezetsa mita yathunthu, musadabwe kupeza kuti pamwamba pakufika osakwana theka. Onjezanipo makona a payipi, payipi yopapatiza, ndere zomwe zimamera mkati mwake pakapita nthawi, zonsezi zimadya mphamvu. Opanga abwino amaika tchati chosonyeza madzi otuluka pa msinkhu uliwonse, yezani ndi tepi kuchokera pamwamba pa madzi a mu sump kufika potulukira, kenako werengani pa tchatipo. Kwa a all-in-one vuto ili ndi lochepa poti madzi amangokwera pang'ono, vuto lanu ndi malo, yezani kachipindako musanagule chifukwa mapampu ambiri abwinobwino sakwanamo, ndipo siyani mpata woti dzanja lilowe poitulutsa.

Pali kamfundo kena ka sump komwe kamaiwalika. Return pump ikazima, madzi a mu payipi amabwerera pansi ndipo amatha kukoka a mthanki yayikulu mpaka pomwe kakamwa kotulutsira kayamba kupuma mpweya. Kakamwako kakhale pafupi ndi pamwamba pa madzi, kapena boolani kabowo kakang'ono pa payipi mmunsi pang'ono mwa mzere wa madzi, ndipo sump isamadzadze mpaka pakamwa. Yesani nokha, zimitsani pampu mutaima pomwepo muone madzi akwera kufika pati.

Kutengera magetsi omwe amagwiritsa ntchito, mapampu alipo a AC ndi a DC. Mapampu a AC ndi osavuta, kulowetsa pulagi basi yayamba, mphamvu yake ndi imodzi, ndipo amakhalitsa chifukwa mulibe zambiri zoti zife. Makampani ngati Eheim ya ku Germany ndi Sicce ya ku Italy adadziwika ndi mapampu otere. A DC amabwera ndi controller, mumatha kutsitsa kapena kukweza mphamvu, amayamba mwapang'onopang'ono, ambiri ali ndi batani loimitsa pampu kwa mphindi zingapo pomwe mukudyetsa nsomba, ndipo ma powerhead ake amatha kumasintha mphamvu okha kuti apange timafunde. Pa return, AC yaying'ono yabwino ine ndilibe nayo vuto, ikakhala yamphamvu pang'ono mumaika valavu ku mbali yotulutsa, osati yokokera, nkuchepetsa. Koma pa powerhead ya kathanki kakang'ono ndimalimbikira DC, chifukwa kusiyana kwa madzi okwanira ndi madzi owononga kumakhala kochepa kwambiri, ndipo makorali akamakula amatchinga madzi, zomwe zikukwana lero chaka chamawa sizidzakwana. Chofunika kuyang'ana ndi mphamvu yake yotsikitsitsa. Anthu amayang'ana yapamwamba, koma pampu yomwe olo mutaitsitsa mpaka pansi ikuulutsabe mchenga, mu kathanki kakang'ono ilibe ntchito. Pa msika mupeza Tunze, Nero ya AI, Koralia ya Hydor, za Jebao zotsikirako mtengo, komanso VorTech ya EcoTech Marine yomwe mota yake imakhala kunja kwa galasi nkumazungulitsa timapiko ta mkati kudzera mu maginito, moti mmadzi simulowa chingwe. Iliyonse yomwe mungasankhe, onani kuti maginito ake akugwira galasi lokhuthala bwanji.

Kutentha nako. Pampu yomira mmadzi, pafupifupi magetsi onse omwe ikudya amathera mmadzimo ngati kutentha. Mu thanki yayikulu simungazindikire, koma tengani mawati 10 mu malita 40, kukanakhala kuti kutenthako sikuthawira kwina kulikonse madzi akanamakwera pafupifupi madigiri 0.2 pa ola lililonse. Zoona kwina kumatuluka kudzera pa galasi ndi nthunzi, komabe mukaphatikiza mapampu awiri atatu ndi nyali, tsiku lotentha kathanki kamadutsa msanga madigiri 25 kapena 26 omwe makorali ambiri amakhala bwino. Kutentha kukapitirira makorali amalavula tindere tawo tija nkuyera mbee. Nde powerengera musamangoona malita, onaninso mawati, pakati pa mapampu awiri okankha mofanana tengani yodya magetsi ochepa.

Madzi a mchere amadya zitsulo, izi musazitenge mopepuka. Kapampu ka kasupe wa pabwalo kapena ka nsomba za madzi opanda mchere kamatha kukhala ndi kamtengo kachitsulo pakati pa impeller, timapiko tozungulira tokankha madzi mkati mwa pampu, mmadzi a mchere kamachita dzimbiri. Funani yolembedwa kuti ndi ya madzi a mchere, ya kamtengo ka ceramic kapena titanium. Kopa ndi brass, chitsulo chomwe mulinso kopa, zisayandikire nkomwe, kopa wochepa chabe amapha nkhono, shrimp ndi makorali. Maginito nawo amakutidwa ndi pulasitiki, pulasitikiyo ikang'aluka amafufuma nkuyamba dzimbiri mwakachetechete, ndiye makorali akamadwala popanda chifukwa chooneka, tulutsani mapampu muwayang'ane bwinobwino.

Ngati muli ndi anemone, kanyama kofewa ka timanja tambiri kooneka ngati duwa, ikani chotchingira cha siponji kapena ukonde pa powerhead. Anemone amayenda, makamaka usiku akasakonda pomwe ali, ndipo akakokedwa ndi timapiko amadulidwadulidwa, mu malita ochepa zimenezo zimatha kuipitsa madzi onse usiku umodzi. Tinsomba tating'ono ndi tinkhono natonso timakodwa.

Kumbali ya magetsi, chingwe chilichonse chochokera mthanki chiyambe chatsika pansi kenako chikwere kupita ku soketi, kuti dontho lotsetsereka pa chingwe ligwere pansi osalowa mu soketi. Soketiyo ikhale yotetezedwa ndi RCD kapena GFCI, kachipangizo kodula magetsi akangoyamba kuthawira kwina, madzi a mchere amadutsitsa magetsi kwambiri ndipo manja anu amalowa mmenemo tsiku ndi tsiku. Magetsi akathima, chomwe chimapha msanga si mdima, makorali amapirira masiku angapo opanda nyali, koma madzi akaima okosijeni amayamba kutha ndipo nsomba zimatha kuvutika mmaola ochepa. Apa DC ilinso ndi ubwino chifukwa ena mwa mapampuwa amalumikizika ku batire. Olo kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamapulumutsa thanki. Ndipo masiku onse, pampu imodzi izigwedeza pamwamba pa madzi kuti pazioneka timakwinya, pamenepo ndi pomwe mpweya umalowera, komanso kamafuta koyandama kaja sikakhazikika.

Mu all-in-one ndi mu sump, madzi akamauma amachepera mu kachipinda ka return pump, mthanki yayikulu simuona kusintha. Mukaiwala masiku awiri atatu pampu imayamba kuzungulira pouma, kutentha, kufa. Muziwonjezera madzi oyera opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), chifukwa chomwe chauluka ndi madzi okha mchere watsala, kapena ikani auto top-off, kachipangizo kowonjezera madzi kokha akachepa.

Pampu yomwe yafooka nthawi zambiri siinafe, yangoda. Itsegulani muone, pa impeller pamakhala pataundana zoyera zolimba ngati laimu, chifukwa calcium wa mmadzi amakonda kumata pamalo ofunda, kunja kwake kutamera ndere zolimba zapinki zija za coralline, pena kankhono kakang'ono katatsamira pa kamtengo. Viikani zidutswazo mmadzi osakaniza ndi citric acid kapena viniga, mudzaona tithovu tikutuluka pomwe zoyerazo zikusungunuka, pakatha ola limodzi kapena awiri tsukani ndi mswachi wakale, tsukuluzani bwino ndi madzi oyera, bwezerani. Samalani timphira ting'onoting'ono ta kumapeto kwa kamtengo, timasowa msanga ndipo popanda ito pampu imalira. Miyezi iwiri kapena itatu iliyonse ndi bwino kutero. Nchifukwa chake pogula ndimafunsanso ngati pampuyo imatseguka ndi manja popanda zida, komanso ngati impeller yake imagulitsidwa payokha. Ka return pump kena kotchipa kongosunga mu kabati nako nkofunika, pampu imafa tsiku lomwe simukuyembekezera.

Mukaika pampu yatsopano yambani ndi mphamvu yochepa. Ponyani tichakudya pang'ono mmadzi nkutitsatira ndi maso, pomwe tikukagwa nkukhazikika ndi pomwe madzi sakufika. Tengani kapayipi kopopera mupopere kuseri kwa miyala, kukatuluka fumbi lambiri ndiye kuti kumeneko kukufunika madzi. Mchenga ukamakumbika pakona mpaka galasi la pansi kuonekera, kwezani pampu mmwamba kapena itsitseni mphamvu. Nsomba ngati clownfish zikamangobisala kuseri kwa mwala umodzi osatuluka, mwaonjeza. Kenako yang'anani makorali, wotseguka bwino akugwedezeka mofewa musamusunthe, wokwinyika mbali imodzi akuwombedwa, yemwe pathupi pake pakukhala tizinyalala akuperewera. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kaya ndi mphamvu kaya ndi kolozera, nkudikira masiku atatu kapena anayi musanakhudzenso, chifukwa korali amatenga nthawi kuti ayankhe ndipo mukasintha zitatu tsiku limodzi simudzadziwa kuti chathandiza ndi chiti.